Makatuni a mwana wosaona ayambire ku khutu, chithunzi chibwere pambuyo

A Mkonzi,

Tiloleni danga m'nyuzipepala yanu kuti titsine khutu achinyamata amene ayamba kupanga makatuni pa kompyuta ndi pa foni, pamodzi ndi mabungwe amene amawapatsa ntchito. Tikunena za mtundu umodzi wa makatuni, aja osonyeza mwana wosaona akuzindikira dziko ndi makutu, manja, mphuno ndi mapazi. Mutu umenewu umakopa aliyense wodziwa kujambula chifukwa umampatsa mpata wosewera ndi mitundu. Msampha uli pomwepo. Filimu imatha kutuluka yokongola, ana oona n'kuomba m'manja, pamene mwana amene nkhaniyo ikukamba za iye, ali pa mkeka womwewo, wangomva nyimbo kwa mphindi zisanu osadziwa chimene chachitika. Pempho lathu ndi lakuti ntchitoyi iziyambira pa mawu. Ikamveka bwino sikirini itazimitsidwa, ndiye muyambe kujambula.

Wolemba ayambe wadziwa kuti mwana wakeyo ali ndi vuto lanji. Ana ambiri amene timati osaona amaonako ndithu. Wina amazindikira kuwala kwa pazenera, wina amaona ndowa yofiira ngati chibuluma chofiira, wina amaona pakati pokha ngati akusuzumira m'bango, wina m'mbali mokha. Ana achialubino, omwe kalembera wa 2018 anawawerenga pamodzi ndi akulu n'kupeza anthu 134,636, kawirikawiri amaona mosalongosoka, maso awo amagwedera, ndipo dzuwa limawathobwa. Ndiye chizolowezi chodetsa sikirini yonse bii pofuna kunena kuti "umu ndi mmene akuonera" n'cholakwika kwa ambiri. Ngakhale mwana amene anabadwa wosaoneratu saona mdima, monga inunso simuona mdima ndi chigongono chanu. Sankhani vuto limodzi, mufunse odziwa mmene limakhalira, ndipo musalisinthe pakati pa filimu. Odziwawo sali kutali: ku Ekwendeni kuli aphunzitsi a ana osaona, ku Chilanga ku Kasungu kuli sukulu ya ana otere, koleji ya Montfort ku Nguludi ndiyo imasula aphunzitsi ake, ku Mzuzu University amaphunzitsa akatswiri oyeza maso, ndipo bungwe la Malawi Union of the Blind lili ndi anthu amene moyo umenewu ndi wawo.

China chofunika kuchotsa m'mutu ndi chakuti mwana wosaona ali ndi makutu amatsenga. Makutu ake ndi ngati a mnzake woona, kungoti anawaphunzitsa ntchito, ndipo anaphunzira mwa kulakwitsa. Filimu yomusonyeza akumva nyerere ikuyenda kuseri kwa nyumba imasiya bodza loopsa: anzake amaganiza kuti sasowa kuuzidwa kanthu, n'kusiya chitseko chili chotsegula theka, iye n'kudzagunda mphumi m'mphepete mwake.

Tiyerekeze filimu ya mphindi zisanu. Kamtsikana ka ku Chibavi katumidwa kukagula usipa ndi tomato kumsika waung'ono, mvula itangokata. Nkhani yotereyi siyisowa chilombo kapena chozizwitsa, njira yokha ndi yokwanira. Kakutuluka m'nyumba, simenti yapakhonde ikutha, phazi likupeza dothi lonyowa. Madzi akudontha kuchokera pa malata, ndipo mzere wa madontho ukukauza pamene denga lathera. Pa mpopi wina akutunga madzi. Apa pali phunziro lokoma kwa ana onse: ndowa ikamadzaza, kulira kwa madzi kumanka kukwera, chifukwa mpata wa mpweya wotsala m'ndowamo ukuchepa, ndipo mwana wozolowera amatseka mpopi madzi asanasefukire. Kakudutsa m'mbali mwa mpanda wa njerwa, kugogoda kwa ndodo kukubwerera msanga, ndiye pamene pali geti lotsegula kugogodako kukungotayika. Umo ndi mmene kakuwerengera nyumba. Patsogolo pali kamlatho ka matabwa pa ngalande, kolira go go go. Fungo la matabwa a paini onyowa likutanthauza pa kalipentala, utsi wa mafuta otentha ukutanthauza pa chiwaya cha tchipisi, ndipo fungo la usipa likukauza kuti kafika. Msewu waukulu kakuumva kumanja ulendo wonse wopita, pobwerera uyenera kukhala kumanzere.

Musaiwale zimene zimasokoneza, poti nkhani imakoma pomwepo. Mvula yamphamvu pa malata imameza mawu ena onse. Mphepo imabalalitsa fungo. Chipewa chofunda cha mu June, chimene amayi amamuveka mwana pomuteteza ku chisanu cha kuno, chimatseka makutu. Njinga yakabaza yopanda belu imafika mwakachetechete kuposa lole. Benchi la wogulitsa likasunthidwa mamita awiri okha, chizindikiro chimene mwana amadalira chasowa. Kamtsikana kathu kasokerepo kamodzi, kaime, kamvetsere, kapeze kulira kwa chigayo, kabwerere m'njira kokha. Kakafunika thandizo kapemphe ndi pakamwa pake. Komanso kakhale mwana: kazikangana ndi mlongo wake, kazibisa chenje, kaziseka.

Tsopano ndodo yoyera, pamene ojambula ambiri amagwa. Ndodoyi si yotsamira ngati ya agogo. Kutalika kwake kumachokera pansi kufika cha pafupa la pachifuwa. Mwana amaigwira patsogolo pa mchombo, chala chamkombaphala chitagona motsatira chogwirira, ndipo chimene chimayenda ndi dzanja lokha pamfundo yake, osati mkono wonse. Nsonga imasesa kapena kugogoda kumanja ndi kumanzere, kupitirira pang'ono m'lifupi mwa mapewa, osakwera m'mwamba. Lamulo lake lalikulu ndi ili: phazi lamanzere likaponda, nsonga ikhale kumanja, lamanja likaponda, nsonga ikhale kumanzere. Chifukwa chake n'chakuti ndodo imafufuza malo amene phazi lotsatira likupita. Wojambula akasinthanitsa, ndodo imakhala ikufufuza pamene phazi laponda kale, ndipo mphunzitsi aliyense adzaona cholakwacho pa sekondi yoyamba. Dziwaninso kuti ndodo imateteza kuyambira m'chiuno kutsika. Chingwe choyanikapo zovala, zenera lotsegukira kunja, nthambi ya mango ndi kumbuyo kwa lole yoima siizipeza. Pamalo otere mwana amakweza mkono wina mopingasa patsogolo pa nkhope, chikhatho chitayang'ana kunja. Akamatsatira khoma amagwiritsa ntchito kuseri kwa zala, zitapindika pang'ono, kuti msomali kapena kachitsulo kasamubaye kunsonga, kumene amawerengera.

Poyenda ndi womutsogolera, wosaona ndiye amagwira, sagwidwa. Amagwira mkono wa mnzake pamwamba pang'ono pa chigongono n'kutsalira theka la sitepe, kuti azimva thupi la mnzakeyo likamakwera, kutsika kapena kukhota. Mwana wamng'ono woyenda ndi wamkulu amagwira pamfundo ya dzanja. Pofika popanikiza, wotsogolera amabweza mkono wake kumsana, mnzakeyo n'kulowa kumbuyo kwake. Kukoka mwana pa malaya, kumukankha kumsana kapena kugwira nsonga ya ndodo yake n'kumamukoka ngati mbuzi ndi zinthu zimene zimachitika m'misewu yathu. Zikalowa m'filimu, pakhale wina wozikonza pomwepo. Ana oona amatengera zimene aona m'makatuni, ndiye aone zolondola: kutchula dzina lako pofika, kufunsa kaye ngati thandizo likufunika, kunena "kumanja kwako" m'malo mwa "apo", ndi kutsanzika pochoka kuti mnzako asatsale akulankhula ndi mphepo.

Dzanja limadziwa chinthu mosiyana ndi diso. Diso limaona nkhuku yonse nthawi imodzi, kenako n'kuyang'ana mlomo. Dzanja limayamba ndi nthenga, kenako phiko, kenako mwendo wa mamba, ndipo nkhuku yathunthu imabwera pomaliza m'mutu. Izi zimadya nthawi, ndiye wojambula apereke masekondi asanu ndi atatu kapena khumi pa chinthu chimodzi chatsopano, asathamange. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wamkulu pophunzitsa asagwire dzanja la mwana n'kuliika pa chinthu mokakamiza. Aike dzanja lake pansi, la mwana pamwamba, kuti mwanayo athe kulichotsa akachita mantha. Chija chokondedwa m'mafilimu, chakuti wosaona amasisita nkhope ya mlendo kuti amudziwe, chisiyeni. Anthu amadziwika ndi mawu, kayendedwe, kulira kwa patapata ndi fungo la sopo.

Zilembo za Braille, za timadontho totukuka towerenga ndi zala, zikaoneka, zikhale zenizeni, osati timadontho tomwaza ngati mapira. Louis Braille, Mfalansa wobadwa mu 1809, anakonza njirayi ali mnyamata ndipo inasindikizidwa mu 1829. Chilembo chilichonse chimakhala m'kachipinda ka madontho asanu ndi limodzi, atatu kumanzere otchedwa 1, 2, 3 kutsika pansi, atatu kumanja otchedwa 4, 5, 6, ndipo amapereka mitundu 63 ya zizindikiro. Mawu akuti "amayi" amalembedwa motere: a ndi dontho 1, m ndi 1, 3, 4, a ndi 1, y ndi 1, 3, 4, 5, 6, i ndi 2, 4. Madontho amatalikirana pafupifupi mamilimita awiri ndi theka, choncho chilembo chonse chimakwana pansi pa nsonga ya chala. Kuwerenga kumachokera kumanzere kupita kumanja, ndi mnofu wa kunsonga ya zala zolozera, mopepuka, zala zikuyenda osaima. Koma polemba ndi sileti ndi kachitsulo koboolera, mwana amayambira kumanja kupita kumanzere, popeza akubaya kuseri kwa pepala ndipo adzalitembenuza. Makina olembera Braille otchedwa Perkins ali ndi mabatani asanu ndi limodzi a madontho ndi lina lapakati lodumphira, ndipo mabatani a chilembo chimodzi amadinidwa pamodzi. Kulira kwake n'kolemera, sikufanana ndi kwa taipilaita, ndiye kajambuleni kusukulu komwe kuli makinawo.

Kapangidwe kake kayende motere. Lembani nkhani ngati sewero la pa wailesi, tsamba lililonse ndi magawo atatu: zolankhula, mawu a zinthu, ndi mipata ya wofotokozera, munthu wonena ndi pakamwa zimene zikuoneka pa sikirini. Jambulani mawu onse, muwalumikize, mukhale ndi sewero la mphindi zisanu lopanda chithunzi. Likamvetsereni ndi ana osaona. Mukakonza zimene apeza, jambulani zithunzi zosakhwima, chimodzi pa chochitika chilichonse, muziike pamwamba pa mawuwo kuti muone ngati nthawi ikukwana. Kujambula kwenikweni kubwere pamapeto. Amene amayamba ndi zithunzi amadzazindikira mochedwa kuti palibe mpata wa wofotokozera, ndipo kutsegula mpata wa masekondi atatu m'filimu yomalizidwa ndi kujambulanso zithunzi pafupifupi makumi anayi.

Tiwerengere limodzi, chifukwa ambiri amalonjeza mabwana awo zosatheka. Wailesi ya kanema kuno imayenda ndi mafulemu 25 pa sekondi, ndiko kuti tizithunzi toima 25 totsatizana. Mphindi zisanu ndi masekondi 300, kutanthauza mafulemu 7,500. Chithunzi chimodzi chikamakhala mafulemu awiri mufunika zithunzi 3,750, chikamakhala atatu mufunika 2,500. Tinene kuti munthu mmodzi akumaliza zithunzi 20 pa tsiku, kupaka mitundu komwe: zithunzi 3,750 zimutengera masiku 188 a ntchito. Njira yochepetsera ndi ya zidutswa, pamene mutu, mikono ndi miyendo zimajambulidwa kamodzi n'kumasunthidwa pa mfundo zake. Mapulogalamu aulere monga Synfig, OpenToonz ndi Blender amachita zimenezi, Krita ndi yabwino pojambula ndi dzanja, ndipo Audacity imakwanira pa mawu. Koma posunga nthawi musaumire pa manja ndi ndodo. Kuseri kungakhale chithunzi chimodzi choima, anthu a mumsika angangogwedeza mitu, koma zala za mwana zijambulidwe mokwanira chifukwa m'filimu yotere ndizo zikugwira ntchito ya maso. Kuyenda ndi ndodo pamatope kupatseni mafulemu 16 pa sitepe, kutanthauza mafulemu 32 kapena zithunzi 16 pa masitepe awiri, zomwe mungazibwereze. Kugogoda kwa nsonga kugwe pa fulemu imene chidendene chikukhudza pansi. Mawu akachedwa ndi fulemu imodzi anthu sazindikira kwenikweni, koma akatsogola amamveka msanga kuti china chalakwika.

Mawu a zinthu ajambuleni kuno, musatole pa intaneti. Mvula ya m'mafayilo akunja imagwa pa phula ndi pa matailosi, mbalame zake si pumbwa kapena njiwa zathu, ndipo msika wake ulibe Chitumbuka, Chitonga ndi Chichewa zosakanikirana ngati wa mu Mzuzu. Mwana wosaona wa kuno adzadziwa pa sekondi ziwiri kuti kumeneko si kwawo. Foni yabwino imatha ntchitoyi ngati mulibe rekoda. Tcherani chojambulira mawucho pa 48 kHz, musunge fayilo ngati WAV pamene zingatheke, ndipo singano ya mawu izifika pakati pa -12 ndi -6 dB (muyeso wa kukula kwa mawu), isagunde 0, chifukwa mawu osweka sakonzeka. Kutani maikolofoni ndi siponji kapena kansalu kaubweya poletsa mphepo. Chinthu chilichonse chijambuleni katatu, pafupi, pa masitepe asanu, ndi pa masitepe makumi awiri, masekondi osachepera 30 ulendo uliwonse. Kutsitsa voliyumu sikupanga mtunda, popeza chinthu chakutali chimatayanso kuthwa kwake ndipo chimasakanikirana ndi malo. Nsonga ya ndodo ijambulidwe padera pa simenti, pa dothi louma, pa matope, pa udzu, pa thabwa ndi pa chitsulo, ndipo woyendetsa ndodoyo akhale mwana amene amaigwiritsadi ntchito. Malo aliwonse mutengeko mphindi imodzi ya chete wake. Chete wa m'chipinda ndi wa pabwalo n'zosiyana, ndipo mukasiya mpata wopanda kanthu konse pakati pa ziganizo, womvera amayesa foni yazima.

Zolankhula zijambulidwe m'chipinda chaching'ono, matiresi atatsamira kukhoma, mabulangete atapachikidwa, pakamwa patatalikira maikolofoni masentimita 15 mpaka 20. Pansi pa malata osatchinga musajambule kukamagwa mvula kapenanso masana dzuwa likamawatenthetsa, chifukwa amalira thethe. Mbali ya mwana wosaona aisewere mwana wosaona. Mawu ake mumulembere mu Braille kapena m'zilembo zazikulu, kuyambira saizi 18 kukwera, kapena wina azimuwerengera chiganizo iye n'kubwereza m'kalankhulidwe kake. Mphindi 20 kapena 30 n'zokwanira, akatopa mawu amauma. Chilolezo cha makolo chikhale cholembedwa, ndipo mwanayo alipidwe monga wosewera wina aliyense. Laputopu ikhale yodzaza moto ndipo mafayilo asungidwe pawiri tsiku lomwelo, poti magetsi satsanzika.

Nanga fungo ndi kukhudza mungazijambule bwanji? Njira imene imagwira ndi yolola chithunzi kutsatira chidziwitso cha mwana. Chala chikakhudza lichero, mzere uyambire pomwepo n'kumakula mmene dzanja likuyendera, mbali imene sanaikhudze ikhale yosamalizidwa. Chinthu cholira chioneke pamene chikulira, chikatonthola chizimiririke pang'onopang'ono. Fungo lililonse lipatsidwe mtundu umodzi ndi kapindidwe kamodzi, ndipo likabweranso libwere chimodzimodzi, koma mafungo asapitirire atatu kapena anayi, apo ayi ana asokonezeka. Fungo lilibe mawu, ndiye lizitchulidwa ndi pakamwa: "Mmm, paini. Ndafika pa kalipentala." Mizere yozungulira yotuluka m'mutu mwa mwana n'kuonetsa mudzi wonse mpaka mazenera ndi bodza lija la makutu amatsenga litavala malaya ena. Poganizira ana oona pang'ono, mizere ya m'mbali mwa anthu ikhale yokhuthala, munthu wowala akhale pa malo oderapo, kuseri kusadzaze tinthu, ndipo kamera isadumphire pena masekondi anayi asanathe. Sikirini yoyera mbee imapweteka mwana wachialubino, ndi bwino mtundu wa phulusa kapena wa dothi. Mphezi kapena kuthwanima kulikonse kusapitirire katatu pa sekondi, chifukwa kumatha kudzutsa khunyu mwa ana ena.

Wofotokozera ndi munthu amene amanena zooneka zimene mawu a m'filimu sanazinene. Akhale ndi liwu losiyana ndi la osewera onse, alankhule m'mipata yokha, osapondereza zolankhula kapena kulira kofunika. Anene chimene chikuoneka, osati tanthauzo lake. "Wakwinya nkhope, wabweza phazi" ndi bwino kuposa "akuchita mantha", chifukwa mwana womvera ali ndi nzeru zake zomasulira. Chimene chamveka kale asachibwereze: galu akauwa palibe chifukwa chonenera kuti galu wauwa, koma kuti galuyo ndi womangidwa. Mitundu izitchulidwa, ana osaona amaimva tsiku ndi tsiku ndipo ambiri amaidziwa. Poyeza nthawi musawerenge mawu, werengani maphatikizo, popeza mawu a Chichewa ndi aatali. Chiganizo chakuti "Watambasula dzanja, wakhudza khoma" chili ndi mawu anayi okha koma maphatikizo 12, ndipo pa liwiro loyenera ana, la maphatikizo anayi pa sekondi, chimadya masekondi atatu. Amene amamasulira zofotokozera kuchokera ku Chingerezi amapeza kuti sizikukwana m'mpata, wowerenga n'kuyamba kuthamanga ngati wolengeza maliro pa wailesi nthawi itamuthera. Lembani m'Chichewa kuyambira pachiyambi. Wolemba waluso amachepetsanso ntchito ya wofotokozera poika zambiri m'kamwa mwa osewera: mayi akati "Tenga K2,000 iyi, ndaipinda pawiri, ili m'thumba lakumanja", palibenso chofotokoza.

Posakaniza, nyimbo ndiyo mdani woyamba. Ikhale poyambira, pomalizira ndi pamene palibe chofunika kumva. Mwana akaima kuti amvetsere, nyimbo itonthole ndithu. Pamene iyenera kupitirira pansi pa wolankhula, itsike ndi ma dB 10 kapena 12. Mawu ofunika asapitirire atatu nthawi imodzi. Mukagwiritsa ntchito kumanja ndi kumanzere, musunge mbali: msewu uli kumanja ukhale kumanja mpaka mwana atembenuke, ndipo kutembenukako kumveke, ndi kukhwekhwereza kwa phazi kapena ndi mawu. Kamera ikangodumphira mbali ina mawu n'kudumpha nayo, womvera amatayika. Komabe kumbukirani kuti ana ambiri adzamvera pa kasipika kamodzi ka foni. Kasipika kameneka sikasiyanitsa mbali ndipo sikatulutsa mawu akuya, moti kugunda kwa injini ya chigayo kumasoweratu. Onjezani kuwomba kwa lamba ndi kusokosera kwa chimanga pogwera m'chigayo, zomwe ndi zakuthwa ndipo zimapulumuka. Mukamaliza pa mahedifoni, mveraninso pa foni yotchipa kwambiri imene mungaipeze, muli pakhonde pomwe pali phokoso.

Kuyesa kusakhale kofunsa kuti "mwaikonda?", mwana waulemu adzati inde. Tengani ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, ena osaoneratu ena oona pang'ono, mphunzitsi wawo ali pomwepo. Akamvera, afunseni mmodzimmodzi: munali anthu angati, kamtsikana kanatumidwa chiyani, kanadziwa bwanji kuti kafika pa mlatho, kanasokera pati, kanabwerera bwanji. Funso limene ana awiri kapena kuposerapo alephera likulozerani pamene filimu yalephera. Kawirikawiri chimapezeka ndi chakuti osewera awiri ali ndi mawu ofanana, kapena malo asintha popanda chizindikiro cha m'khutu. Ana oona nawonso amvere kamodzi atatembenukira kukhoma, kenako aonere, ndipo muwafunse kuti angamuthandize bwanji mnzawo kuwoloka ngalande.

Pa mathero a nkhani tikupempha chinthu chimodzi: mwana asachire mozizwitsa kuti filimu ithe bwino, ndipo vuto lake lisakhale la ufiti kapena tsoka la makolo. Zoyambitsa zenizeni zilipo, monga ng'ala yobadwa nayo, chikuku, kuchepa kwa vitamini A, kuvulala, ndi mankhwala osadziwika odonthezera m'maso. Zina zimapeweka, zina zimachizika zikafulumiriridwa. Dziko lino linatsimikiziridwa ndi World Health Organization mu 2022 kuti lathana ndi matenda a maso a trachoma ngati vuto la anthu ambiri, umboni wakuti ntchito ya maso imapindula. Uthenga wa chipatala, wakuti kadontho koyera pakati pa diso la mwana kafunika dokotala msanga, uikidwe padera filimu itatha. Usalowe m'nkhani ya kamtsikana kogula usipa, chifukwa ana amene sadzachira adzamva kuti nkhani yokoma ndi ya ochira okha. Dzina la mwanayo lizimveka kawirikawiri kuposa vuto lake, ndipo mawu akuti "wakhungu" akalowa, akhale m'kamwa mwa munthu amene akudzudzulidwa.

Kufalitsa kwake n'kosavuta. Filimu ya mphindi zisanu pa 720p, chithunzi pa megabiti imodzi pa sekondi ndi mawu pa 128 kbps, imalemera pafupifupi 42 MB. Pa WhatsApp itumizeni ngati dokyumenti kuti isafinyidwenso. Mawu okha ngati MP3 pa 64 kbps ndi 2.4 MB basi, amalowa m'kafoni ka mabatani ndipo wailesi monga Voice of Livingstonia kapena Radio Tigabane zingathe kuwaulutsa ngati sewero la ana. Wofotokozera akhale m'kope lalikulu limene aliyense akuonera, asabisidwe m'kope lapadera limene mphunzitsi ayenera kuchita kulipempha. Kusukulu filimu ipite ndi katoni ya zinthu zenizeni za m'nkhaniyo: lichero, kathabwa ka paini, usipa pang'ono m'pepala, kandowa ndi kapu zoyesera kulira kwa madzi, ndi mapu a njira opangidwa ndi chingwe chomatidwa pa katoni, mchenga posonyeza msewu, timitengo ta machesi posonyeza mlatho. Zidole zapulasitiki zisalowe m'malo mwa zinthu zenizeni, nkhuku yapulasitiki m'dzanja ndi pulasitiki chabe.

Amene akufuna kuonetsa filimu yake pa 15 October, tsiku lokumbukira ndodo yoyera, awerengere chobwerera. Ojambula awiri ogawana zithunzi 3,750 afunika masiku 94 a ntchito aliyense, yomwe ndi miyezi inayi ndi sabata imodzi kapena ziwiri. Kusakaniza mawu komaliza ndi kuyesa kwachiwiri kudye mwezi wa September. Ndiye kujambula zithunzi kuyambe kumapeto kwa April, sewero la mawu likhale litayesedwa ndi ana sukulu zisanatsekere Pasaka, ndipo mvula ya pa malata ijambulidwe mu February kapena March idakagwa.

Ndife,
Aphunzitsi a ana a vuto la kuona ndi ojambula makatuni,
Mzuzu